A Nangumi a ku Kapelula

Mwezi wamawa tikamanga chiliza cha apongozi anga aamuna, a Yotamu Mbewe, ndipo pakhomo pano takangana kale kawiri za mawu olemba pamwalapo. Mkazi wanga Nambewe, yemwe ndi mwana wawo woyamba, akufuna dzina la ubatizo ndi vesi basi. Ine ndikuti tikalemba Yotamu Mbewe pokha, anthu obwera kumandako azidzafunsana kuti wagona apa ndani, chifukwa kuyambira kuno ku Kapelula mpaka m'maesiteti a ku Kaluluma munthuyu ankadziwika kuti a Nangumi. Dzinali linayamba ngati chipongwe. Iwo sanakwiye nalo, ndipo m'kupita kwa nthawi ukawaitana kuti a Mbewe ankachedwa kucheuka.

Ntchito yawo inali fodya, monga tonsefe. Koma munthu akamira m'damu kapena pa dziwe la mtsinje, uthenga unkayamba wafika pakhomo pano, pa njinga, usanapite kwina kulikonse. Iwo ankasiya khasu, kutenga chingwe chawo, n'kukatsika pansi pa madzi kukatenga womirayo kuti abale ake amuike m'manda ngati munthu. Kuno nyanja timangoimva, ndipo ambirife madzi akafika m'chiuno timayamba kuitana amayi athu. Choncho wotsika m'madzi dera lonseli anali mmodzi yekhayo. Chimene chinkawasowetsa mtendere zaka zonse zimene ndinawadziwa chinali chimodzi: kupeza munthu womusiyira ntchitoyi asanafe. Amene anamusankha ndine. Ndinakana, ndipo ndikulemba izi ndi manyazi amenewo.

Ndinabwera pamudzi pano kudzakhala chikamwini m'mwezi wa Juni. M'mawa wanga woyamba, ndikupita kuseri, ndinapeza apongozi atagwada pambali pa nkhokwe, nkhope yonse ili m'beseni la madzi, osagwedezeka ngakhale chala. Ndinaima. Ndinatsokomola, iwo zii. Mtima unati munthuyu wakomoka, koma mkamwini wa tsiku limodzi angayambe bwanji kugwira apongozi ake pakhosi? Ndinaomba m'manja n'kuyamba kuodira ngati ndafika pakhomo pa eni.

"Odi! Odi kuno, bambo!"

Nambewe anali pa mtondo, akuseka mpaka kugwira nthiti. Patapita nthawi yoti ine ndinali nditayamba kale kuganiza za maliro, iwo anadzutsa mutu, kupukuta madzi ndi chikhatho, n'kundiyang'ana.

"Mwadzuka bwanji, a Phiri? Kodi kwanu mumaodira beseni?"

Ankachita zimenezi m'mawa uliwonse mpaka chaka chimene anadwala. Ankati madzi ozizira akakhudza nkhope mtima umadzichepetsa wokha, umayamba kugunda pang'onopang'ono, ndipo munthu ayenera kuukumbutsa tsiku ndi tsiku kuti usaiwale. Tsiku lina anandigwiritsa mkono wawo ali m'besenimo, ndipo ndinamvadi mtsempha ukuchepetsa liwiro pansi pa chala changa. Kuthamanga sankathamanga, ngakhale ng'ombe zitalowa m'munda. Fodya analima moyo wawo wonse koma sanaikepo ndudu pakamwa, ndipo mlendo akayatsa chingambwe pakhonde pawo ankamuuza mwaulemu kuti mtengo wa mango uli apo. Kutchalitchi akwaya ankadandaula nawo, chifukwa nyimbo ikatha iwo ankakhala akukokabe liwu lomaliza, okhaokha, maso ali pa denga.

Dzina la Nangumi analitenga ku Debeni. Ali mnyamata anapita ku Joni kukafuna ntchito, koma kumigodi anawabweza poti anali ochepa thupi. Anayendayenda mpaka anakafika ku Debeniko, doko la kugombe la nyanja yamchere, pamalo pamene zombo masiku amenewo zinkabwera ndi anangumi ophedwa kuti asendedwe. Anagwira pamenepo zaka zingapo ndi chimpeni cha mpini wautali ngati wa khasu. Fungo lake ankati linawatuluka m'thupi atabwerera kale kumudzi.

Nkhani ya anangumi ndinaimva kambirimbiri, mwina kuposa ulaliki uliwonse. Choyamba ankayamba akonza maganizo a womvera: nangumi si nsomba, amabereka mwana, amayamwitsa, ndipo amapuma mpweya ngati ng'ombe. Koma pali mtundu wina wa chimutu chachikulu umene umatsika kumdima wa pansi pa nyanja n'kukhalako mpaka ola lathunthu usanabwere kudzapuma. Iwo poyamba ankaganiza kuti akang'amba chifuwa cha chinyama chotere apeza mapapo aakulu ngati nyumba. Anadabwa kupeza kuti poyerekeza ndi thupi lakelo mapapowo ndi ochepa. Nthiti zake zinali zolumikizana mwawedewede, ukaziponda ndi phazi zinkalola. Kholingo lokha ndi limene linali lolimba, lamikombero mpaka m'nthambi zake. Nyama inali yakuda bii, ndipo magazi ankawafika m'mawondo.

Padokopo panalinso amuna ena amene ankatsika pansi pa zombo atavala zipewa zachitsulo, mpweya ukuwapeza kudzera m'paipi. Tsiku lina mmodzi anamukweza mofulumira, ndipo atangomuvula chipewa anapindika ndi ululu m'mawondo ndi m'zigongono. Sanayendenso. Apongozi zinawazunguza mutu. Munthu wa paipi, amene sanapite n'kutali komwe, wapuwala, pamene nangumi amatsika kutali kosaneneka n'kubwera ali bwinobwino. Anakafunsa mzungu wina wokalamba amene ankabwera pamalopo ndi kabuku kudzayeza anangumiwo. Mkuluyo anawafotokozera kuti madzi akuya amapanikiza chilichonse, ndipo munthu akamapumabe pansipo mpweya umakankhidwira m'magazi. Akakwera msanga umatuluka ngati thovu la botolo la zakumwa lotsekulidwa mwaphuma, ndipo thovulo ndi limene limapha mfundo za thupi. Nangumi sachita nawo zimenezo. Akamatsika chifuwa chake chimafwapa, mapapo amaphwa mpaka kuphwatalala, mpweya wotsalawo n'kuthawira m'kholingo lolimba lija, mmene sungathe kulowa m'magazi. Mpweya umene amakhalira moyo pansipo amakhala atausunga kale m'magazi ochulukawo ndi m'nyama yakudayo, mtima n'kumagunda mwa apo ndi apo.

Ine zimenezi zinandilowa m'mutu tsiku lina tikudinda mabelo pa jeke, chitsulo chopanikizira fodya. Anatola tsamba la fodya limene linakhala padzuwa mpaka kuuma gwa, n'kulifinya m'dzanja. Linafumbutuka. Anatolanso lina la m'chigafa, lofewa ndi chinyezi cha m'mawa, n'kulifinya chimodzimodzi. Atatambasula dzanja tsambalo linabwerera lili lathunthu.

"Madzi ndi jeke, a Phiri. Nangumi amapitako ali wofewa."

Sankanamiza munthu kuti ife tingafanane ndi chinyamacho. Ankati nyama yathu ndi yofiira chabe, nthiti zathu n'zouma, choncho ifeyo tiyenera kutenga mpweya umodzi wodzaza bwino, modekha, ndipo tisapite kutali. Chimene tingabwereke kwa nangumi ndi khalidwe lake lokha: kutsika mtima uli pansi, ndi kusalimbana ndi madzi akayamba kukufinya pachifuwa. Ankati ambiri amene iwo anawavuula sanaphedwe ndi kuya kwa madzi koma ndi kuphiriphitha.

Anthu a kuno sanakhulupirire zimenezo. Munthu angakhale bwanji pansi pa madzi nthawi yonseyo popanda kukhwima? Ena ankati anabwera ndi chizimba kuchokera kunyanja, ena ankati ali ndi mphini pansi pa lilime. Mphekeserazi zinafika kwa akulu a mpingo, ndipo anawaitana kuti akafotokoze. Ine ndinawaperekeza. Panjira anaima pamene anyamata ankapha mbuzi, n'kupempha mapapo ndi kholingo lake lomwe, kuwakulunga m'tsamba la nthochi. Akulu a mpingo atakhala pa mabenchi, mabuku ali pamiyendo, iwo anafunyulula katundu wawo pa tebulo la m'vesitile, kulowetsa bango m'kholingomo, n'kuuzira. Mapapo anafufuma. Anawadinikiza ndi zikhatho, mpweya n'kutuluka ndi phokoso limene sindingalilembe pano. Mkulu wina anatseka pakamwa ndi chipewa.

"Mankhwala anga ndi amenewa, azibambo. Aliyense wa inu ali nawo awiri. Amene akufuna ndimuphunzitse abwere Loweruka kudambo."

Mlandu unathera pomwepo, koma Loweruka sikunabwere munthu. Iwo anadikira kudamboko mpaka dzuwa kupendeka.

Ophunzira anawapezapo nthawi ina, anyamata atatu odziwa kusambira pang'ono. Anayambana nawo sabata yachiwiri. Anyamatawo anali ndi nzeru yawo yakuti munthu asanalowe m'madzi azipuma mwawefuwefu kambirimbiri kuti adzaze mpweya wambiri. Apongozi ankaletsa zimenezi mwaukali. Ankati kupuma kotero sikuwonjezera kanthu, kumangogonetsa mlonda wa m'chifuwa amene amakuuza kuti nthawi yakwana, bwerera, ndipo munthu amakomoka osamva chilichonse. Mmodzi anachita mobisa, n'kukomokadi m'madzi ofika m'khosi. Iwo anamuvuula ndi tsitsi, kumutsitsimutsa, ndipo atangotsekula maso anamuwomba khofi. Makolo anabwera kudzatenga ana awo, ndipo sukulu inatsekedwa.

Mwana wawo wamwamuna, alamu anga a Faniwelo, ndiye ankagwira chingwe ine ndisanabwere. Chingwecho chinali ndi malamulo ake. Apongozi ankachimanga m'chiuno, wogwira n'kukhala pamtunda. Akagwedeza kamodzi, ndiye kuti masulani. Kawiri, ndamupeza. Katatu, kokani. Popanda chizindikiro, wogwira ankayenera kungowerenga chamumtima mpaka nambala imene agwirizana, osakoka isanakwane ngakhale kumtunda kutachitika zotani. Madamu a m'maesiteti ambiri anamangidwa osadula mitengo, ndiye pansi pake ndi nkhalango ya zitsa ndi nthambi. Ukamukoka munthu nthawi isanakwane umamukokera m'nthambizo. A Faniwelo tsiku lina anachita mantha n'kukoka msanga. Bambo awo anang'ambika phewa pa chitsa, ndipo mwana womira amene anali atamugwira kale anawapulumuka. Kuyambira pamenepo a Faniwelo sanakhudzenso chingwe, kenako anapita kutauni.

Pondipatsa ine chingwecho sanabise chifukwa chake.

"Mwana wanga amandikonda, ndiye amakoka. Inu a Phiri mumandiopa. Muchita zimene ndanena."

Sanalakwitse. Ndinagwira chingwe chimenecho zaka zambiri ndipo sindinakokepo nthawi isanakwane. Koma iwo sankafuna kuti ndithere pa chingwe. Chilimwe china ananditengera ku dziwe la kudambo, kundiphunzitsa kuyandama, kenako kutsina mphuno n'kuuzira pang'ono kuti makutu atseguke. Tsiku limene ndinayesa kutsika ndithu, ndinangofika pamene kuwala kumayamba kuchepa. Makutu analasa, chifuwa chinafinyika ngati wina wandikhalira, ndipo zonse za tsamba lofewa zinandithawa m'mutu. Ndinatuluka ndikukuwa, matope ali m'kamwa.

"Bambo, ine ndine wa chingwe. Zinazi ayi."

Sanandinyoze. Anangoti tiyesanso. Ndipo chaka chilichonse, nazale zikafesedwa, madzi a m'madamu n'kuyamba kutsika, ankandipeza pamene ndili n'kufunsa ngati akufunsa za mvula.

"Chaka chino, a Phiri?"

"Chaka chamawa, bambo."

Ankagwedeza mutu n'kumapita. Kuuma mtima kwa munthu ameneyu kunali kwa phee, kosakweza mawu, ndipo kunkanditopetsa kuposa kukalipiridwa.

Kutsika kwawo komaliza kunachitika atasiya kale ntchitoyi zaka ziwiri. Fumbi la m'zigafa linali litawadya m'chifuwa, ankatsokomola usana wonse, ndipo kuchipatala anawauza kuti za m'madzi aiwale. Nambewe anabisa chingwe pa denga la khitchini. Ndiye m'mwezi wa Okutobala kunabwera njinga kuchokera ku esiteti ina ya kumpoto kwathu. Tenanti wina wochokera ku Phalombe, bambo Makwinja, ankatunga madzi othirira nazale pa khoma la damu. Ndowa inamupulumuka, iye n'kuitsatira, osadziwa kuti pamenepo m'pamene pankadutsa mtsinje kale. Linali tsiku lachitatu thupi lisanayandame. Kapitawo anali atayesa nsungwi ziwiri zolumikiza koma sizinafike pansi, ndipo tsopano ankafuna kuponya ngowe zachitsulo kuti akokere.

Atamva za ngowe apongozi anaimirira. Ankadana nazo kwambiri, ankati munthu si thumba loti uzilikoka ndi chitsulo.

"Nambewe, chingwe changa."

"Ababa, simupita. Adokotala ananena chiyani?"

"Ananena. Chingwe changa."

"Sindikudziwa kumene chili."

Iwo anatembenukira kwa ine. Ndinayang'ana mkazi wanga, ndinayang'ana apongozi, ndipo ndinakakwera pa denga la khitchini. Nambewe anatitsatira pambuyo ulendo wonse osandilankhula.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Matenanti onse anali pa khoma la damu, nazale zikufota kumbuyo kwawo. Mkazi wa womirayo anali atakhala pansi m'mphepete mwa madzi, milomo itauma, ndipo anatiuza kuti sanachokepo chimirire mwamuna wake. Kuno analibe mbale ndi mmodzi yemwe. Apongozi anagwada patsogolo pake n'kupempha chitenje, monga ankachitira nthawi zonse, kuti thupi likafika posaya alifunditse anthu asanalione. Mayiyo anamasula chapamwamba n'kupereka ndi manja awiri.

Apongozi anavula malaya, nthiti zonse zikuwerengeka. Anakhala m'madzi ofika m'chiuno nthawi yaitali, akuviika nkhope, kudikira kuti chifuwa chileke kulira. Kenako anandiuza kuti lero ndiwawerengere handiredi ndi theka basi, poti mphamvu zakale zinatha. Anakoka mpweya umodzi n'kuzimirira.

Ulendo woyamba anabwera chimanjamanja. Wachiwiri chingwe chinagwedezeka kawiri, koma anatuluka okha, akutsokomola mpaka kugwira pansi. Atapeza mawu anati munthuyo ali pomwepo, mwendo wake wapanikizika pa mphanda ya mtengo, ndipo chogwirira cha ndowa chikadali pamkono. Milomo yawo inali itasanduka yotuwa. Nambewe analowa m'madzi ndi zovala n'kuwagwira dzanja.

"Ababa, mwamupeza, basi. Ena akamutenge."

"Ena ake ati?"

Funso limeneli sanandiyang'ane polifunsa, koma linandipeza. Amene analankhula anali mayi wamasiye uja.

"Agogo, asiyeni. Musafere mwamuna wanga. Madzi akafuna adzandibwezera."

"Mayi, mtengo umene wamugwirawo sudzamusiya. Mukabwerera ku Phalombe, kwa apongozi anu mukanena kuti mwamusiya kuti?"

Mayiyo anaweramitsa mutu. Iwo anatenga kachingwe kena kakang'ono komangira thupi, kupumula nthawi yaitali kuposa poyamba, n'kutsikanso.

Ndinayamba kuwerenga. Pofika sikisite anthu anali chete. Pofika handiredi amayi anayamba kulira. Kapitawo anabwera pambali panga n'kunena kuti koka iwe, nkhalamba yafa iyo. Anthu anayamba kukuwa onse pamodzi, kokani, kokani. Nambewe anandimenya zibakera kumsana, akunditchula dzina langa laubwana limene sanalitchulepo chikwatiranireni.

"Koka! Ukupha bambo anga! Koka, mfiti iwe!"

Ndinatseka maso kuti ndisasokoneze nambala. Handiredi ndi theka inakwana, chizindikiro panalibe. Lamulo linali lakuti ndikoke. Koma chingwe chinali ndi moyo m'manja mwanga. Sichinali kulemera ngati chamangidwa ku chinthu chakufa, chinkanjenjemera pang'onopang'ono, kulimba n'kumasuka, monga chimachitira munthu akamakankha chinthu ndi phazi. Ndinadziwa kuti ndikakoka pamenepo ndiwakokera m'mphanda momwemo. Ndinawonjezera teni. Ndinawonjezeranso faifi, misozi ikutsika. Ndiye chinagwedezeka katatu.

Tinakoka tili anthu anayi. Anatuluka magazi akuchucha m'mphuno, maso ali otseka, koma kachingwe kaja kali kokulunga padzanja. Tinawagoneka chammbali, anasanza madzi, n'kuyamba kupuma ngati mvukuto wong'ambika. Atangotha kudzutsa mutu analoza chitenje. Sanalole kuti tiwanyamule mpaka ataona kuti bambo Makwinja afunditsidwa ali m'madzi. Bambo Makwinja anaikidwa tsiku lomwelo m'manda a mudzi woyandikana ndi esitetiyo, ndipo mkazi wawo anaponya dothi ndi dzanja lake.

Pobwerera apongozi tinawakweza pa ngolo. Ndinkayenda pambali, ndikuyembekezera kuti mwina anena zikomo. Anandikodola.

"A Phiri, munafika pa zingati?"

Ndinawauza.

"Ndinati handiredi ndi theka. Munaphwanya lamulo."

"Ndinamva kuti mukugwira ntchito, bambo."

"Munamva ndi chiyani?"

"Ndi manja."

Kenako anati zaka zonsezi akhala akufuna munthu amene anthu handiredi angamukuwire m'khutu, mkazi wake n'kumumenya kumsana, iye mtima uli m'malo. Anati kusambira angaphunzitse aliyense, koma chimenecho sangaphunzitse, ndipo ine ndili nacho kale.

"Chaka chino, a Phiri."

Sanafunse, ananena. Ndipo ine, nditaona ndi maso anga magazi aja ndi milomo yotuwa ija, ndinayankha monga mwa masiku onse. Anatembenukira kumbali. Nambewe anakhala sabata ziwiri akundipatsa chakudya osandiyang'ana kumaso, ndipo mpaka lero nkhani ya tsiku limenelo sitiikamba.

Chifuwa chawo sichinabwererenso. Anakhala nacho madzinja atatu. Tinawagonekapo kuchipatala ku Boma, kumene anawaika timapaipi ta mpweya m'mphuno, iwo n'kumaseka kuti pa ukalamba asanduka mmodzi wa amuna a zipewa zachitsulo aja. Anamwino ankadabwa nawo. Odwala ena mpweya ukawathera ankagwira mabedi, kutulutsa maso, koma iwo ankangotsamira, kumasula mapewa, n'kudikira kuti chidutse. Atatuluka sankathanso kugona chagada. Ankakhala pa mpando pamthunzi wa chigafa, akuyang'ana ife tikusoka fodya, n'kumatidzudzula ndi chala tikathinitsa masamba.

Masana ena anandiitana ndi chala chomwecho. Mawu anali atatsala ochepa, ankawatulutsa limodzilimodzi.

"Chaka... chino?"

"Chaka chino, bambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, m'maso muli kuseka.

"Mwanama. Koma zikomo."

Anamwalira patapita masiku asanu, m'mawa, ali pa mpando womwewo. Pamaliro panabwera anthu amene sitinkawadziwa, ena pa njinga, ena wapansi kuchokera m'maesiteti akutali. Aliyense ankatchula dzina la munthu wake amene anavuulidwa, ndipo adzukulu anachita kuwapempha kuti afupikitse.

Panopa ndayamba kupita ku dziwe la kudambo, ndi imvi zangazi. Ndimapita Loweruka, ana akumandiseka pamtunda. Makutu ndawagonjetsa. Matope a pansi ndawagwira kanayi, ndipo sabata yatha ndinabwera ndi mwala m'dzanja kuti ndidzitsimikizire ndekha. Pa damu sindinafikepo, ndipo sindikudziwa ngati mphamvu zanga zidzandifikitse, poti ndayamba mochedwa ndipo wondikonza palibe. Koma sindisiya. Chimene chinandilowetsa m'madzi si mawu awo aja, ngakhale amandipweteka. Ndi zimene zinachitika chilimwe chathachi.

Kunabwera njinga pakhomo. Bambo amene anatsikapo ankadziwa bwino kuti a Nangumi anamwalira, poti pamaliro analipo. Anaima pabwalo atagwira chipewa, akuyang'ana pansi.

"Pepani a Phiri. Mtsikana wamira ku damu la kwathu. Tinangoti tibwere, mwina..."

Sanamalize. Ndinatenga chingwe n'kumutsatira, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ndinkati ndikamanga ndani. Ndinakaima nacho pa khoma ngati chitsiru. Mtsikanayo anali wa zaka zosakwana makumi awiri, ankachapa, ndipo mayi ake anali atakhala m'mphepete mwa madzi. Ataona chingwe m'manja mwanga anadzuka. Ndinapukusa mutu, iwo n'kukhalanso pansi. Sindinamvepo manyazi otero chibadwire.

Tinadikira masiku anayi. Anthu ankabwera m'mawa n'kuchoka madzulo, ochuluka mpaka kukankhana pa khomapo. Koma pafupi ndi madzi, pambali pa mayiyo, panali malo amene aliyense ankawalambalala, kukula kwake ngati mphasa imodzi. Palibe anauza anthu kuti apasiye. Obwera kumene ankafika, kuyang'ana, n'kukaima kwina. Pamenepo m'pamene wotsika akanavulira malaya, ndipo mayi uja ankayang'ana pamenepo kawirikawiri kuposa pamadzi.

Tsiku lachinayi thupi linayandama tsidya lina. Nkhope inali itawonongeka, ndipo mayi ake anamuzindikira ndi diresi. Anthu onse anathamangira komweko, ine ndinatsala ndekha pa khoma ndi chingwe changa. Khoma lonse linali litapondedwa mpaka kusanduka fumbi lokhalokha. Pamalo paja pokha udzu unali chiimire.